Makompyuta Oyendayenda

Miyezi khumi ndi umodzi amuna anga ndinkangowaonera pa kanema. Osati nkhope ayi. Phewa, nthawi zina khutu, tsiku lina chigongono chokha chitatulukira kumbuyo kwa a Nduna. Koma mkazi amene wachapa malaya a munthu zaka makumi awiri ndi zitatu sangasokoneze chigongono cha mwamuna wake ndi cha wina.

Anthu onse amawatchula kuti a Mawaya, ndipo inenso ndimawaitana choncho ndikapsa mtima. Tinkachita lendi kachipinda kamodzi mumsewu wa kuseri kwa msika, titakagawa pakati ndi katani. Kumanzere kunali ine ndi makina anga osokera, kumanja iwo ndi makompyuta a anthu otsegulidwa mimba. Tinkayambana tsiku ndi tsiku chifukwa cha soketi, poti inali imodzi yokha: iwo akufuna kutenthetsa kachitsulo kawo kowotcherera mawaya, ine ndikufuna kusita diresi la mwini wake amene waima kale pakhomo. Ndikanadziwa, soketiyo ndikanawasiyira.

Amene anadzawachotsa pamenepo ndi Alamu. Si alamu anga, Mulungu andithandize. Ndi mlamu wa a Nduna oona za masukulu, ndiye ku kampani kwake aliyense, kuyambira mlonda mpaka mlembi, amangomutchula kuti Alamu, chifukwa satifiketi yake ndi yomweyo basi. Kampaniyo inkagulitsa matayala. Inangodzuka m'mawa wina ili kampani ya makompyuta, boma litaipatsa ntchito yoika makompyuta makumi anayi pa sukulu iliyonse, masukulu makumi asanu ndi limodzi. Mwini wake sankadziwa n'komwe poyatsira kompyuta. Anabwera pashopu pathu atanyamula laputopu akuti yafa, a Mawaya n'kungodina batani kwa kanthawi, n'kuyaka. Alamu anawayang'ana ngati aukitsa maliro, n'kuwalemba ntchito pomwepo.

Anatiuza kuti ndi miyezi itatu yokha. Inenso anandigawira kanthu: ndisoke zivundikiro za nsalu yobiriwira zophimbira makompyutawo, ndigulenso riboni yofiira yoti a Nduna azidula. Zivundikiro anati makumi anayi. Ndinafunsa za masukulu enawo, poti mumtima ndinali nditayamba kale kusankha makina atsopano osokera. Alamu anaseka n'kunena kuti enawo adzabwera ndi zivundikiro zawo kuchokera ku fakitale. Riboni anati imodzi ikwana. Sindinafunsenso, ndipo ndisakunamizeni kuti sindinaganizepo kanthu.

Zoona zake a Mawaya anandiuza pa foni mwezi wachiwiri, pang'onopang'ono, monga momwe amachitira akathyola chinthu cha kasitomala. Makompyuta anafikadi m'dziko muno, onse, m'makatoni mwake. Koma chaka chimenecho timatabwa tating'ono ta m'kati, tomwe amati memole, tinakwera mtengo koopsa, ati makampani akuluakulu akunja ankangotisesa tonse. Zam'kati mwa kompyuta zinayamba kudula kuposa kompyuta imene. Alamu atamva zimenezo anatsekera anthu ake m'nyumba yosungira katundu sabata ziwiri, kutumbula makompyuta onse ngati nkhuku, zam'katizo n'kuzigulitsa. Anangosiya makumi anayi amoyo.

Makumi anayi amenewo ndi amene ankayenda pa lole ndi amuna anga. Ankafika pa sukulu kutatsala tsiku limodzi, kuyala mawaya, kuyatsa zonse, kuziphimba ndi nsalu zanga. M'mawa mwake a Nduna ankabwera ndi chigulu cha magalimoto, kudula riboni, ana n'kukhazikidwa pamipando zala zili pa mabatani, ojambula n'kujambula. Fumbi la magalimoto lisanathe n'komwe, ahedi ankauzidwa kuti makinawo apite kaye kukaikidwa maphunziro m'kati, abwera pakatha sabata ziwiri. Basi, kukweza pa lole, ulendo wa ku sukulu ina.

Ndinawafunsa kuti ndiye iwo ntchito yawo kwenikweni ndi yotani kumeneko.

"Kuyatsa ndi kuzimitsa, amayi," anayankha.

Ndinawauza kuti asiye abwere kunyumba. Anati sizingatheke. Pa sukulu iliyonse ankasaina pepala lonena kuti makompyuta aikidwa ndipo akugwira ntchito, ndipo pa ola lomwe ankasainalo zinali zoona. Tsopano mapepala amenewo anali mu kabati ya Alamu, onse ali ndi dzina lawo. Alamu sanawaopseze ayi, ankangowakumbutsa mwaulemu kuti kabatiyo ilipo. Kunyumba sankawalola kubwera ngakhale kudzasintha nsapato, ati munthu akafika kwawo pakamwa pamamasuka. Komanso, ndikuwadziwa amuna anga, anali atayamba kuwakonda makinawo. Pa foni ankandiuza kuti nambala seveni ikutsokomola, nambala sate yadana ndi fumbi, ngati akukamba za adzukulu. Za ine ankafunsa kumapeto, mayunitsi atatsala pang'ono kutha.

Miyezi itatu inasanduka isanu ndi umodzi, kenako isanu ndi inayi. A Nduna sankadula riboni tsiku lililonse, ankadikira pomwe pali msonkhano wa chipani pafupi, ndiye lole inkakhala sabata zingapo pamalo amodzi, a Mawaya akulondera.

Ndinkawasowa. Palibe njira ina yonenera. Mwana wathu mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali, amaimba Lamulungu lokha. Pashopu soketi inali yanga ndekha, ndipo ndinkadana nayo. Mpando wawo unali pomwepo, ndi khushoni yomwe ndinawasokera itaphwa mbali imodzi, poti amakhala chopendekera. Tsiku lina masana ndinatenga kachitsulo kawo kaja n'kukalumikiza, n'kusungunula kawaya pang'ono, kuti m'chipindamo mumveke fungo lomwe ndinakhala ndikulidandaula zaka zonsezi. Mayi wogulitsa zipi pafupi nafe anasuzumira n'kufunsa ngati a Mawaya abwera. Ndinamuuza kuti azisamala zake.

Seveni koloko madzulo inkandipeza nditakhala kale patsogolo pa kanema, chakudya chili pamiyendo chikuzizira. Nkhani za nkhondo, za mvula, za mpira, zonsezo ndinkangoti fulumirani. A Nduna akaoneka ndinkasendera pafupi. Iwowo sindinkawaona n'komwe, maso anga anali m'mphepete, pomwe pamaima anthu osafunika. Ndinkaonanso riboni yanga ija. Alamu, ndi ndalama zonse anadyazo, anakana kugula ina, ndiye ikadulidwa a Mawaya ankailumikiza okha ndi singano. Msoko wawo ndi wokhotakhota ngati njira ya woledzera, ndinawaphunzitsa ndine koma sanamve. Riboniyo inkafupika sukulu iliyonse, mpaka anayamba kusankha khomo lopapatiza loti a Nduna adulirepo. Ndinkaseka ndekha m'nyumba, kenako n'kupeza kuti ndikulira.

Ndinayamba kugula nyuzi. Chithunzi chilichonse cha mwambo wa makompyuta ndinkachidula ndi sizasi yanga ya nsalu, chinthu chomwe munthu wina akanachita ndikanamudula chala, n'kuchibaya ndi mapini pa katani ya pakati ija. Zinafika makumi awiri ndi zitatu. Ndinkasoka nditayang'ana kumeneko.

Kenako kunabwera mayi wina, mphunzitsi, kudzachepetsa siketi. Munthu wofatsa, wa magalasi. Ndikumuyeza m'chiuno, iye maso ali pa katani. Anafunsa kuti zithunzizi n'zachiyani. Abale, munthu amene wakhala yekha miyezi khumi musamufunse funso. Ndinaika tepi pansi n'kuyamba kumuonetsa: awa ndi amuna anga, apa ndi phewa lawo, apa atembenuka, apa avala malaya omwe ndinawasokera. Iye analoza chithunzi chimodzi n'kunena kuti iyo ndi sukulu yomwe amaphunzitsa. Anati chipinda cha makompyutacho n'chokhoma miyezi isanu ndi iwiri tsopano, muli matebulo ndi mawaya okha. Ana amasuzumira pawindo pa nthawi yopuma. Anati pali mtsikana wina wa folomu yomaliza amene tsiku la mwambowo analemba dzina lake pa kompyuta, ndipo mpaka lero amafunsa ngati lidakalimo.

Pamenepo ndikanatseka pakamwa. Koma ine ndinali nditatenthedwa kale ndi kunyada. Ndinamuuza kuti ngakhale zivundikirozo ndi ntchito ya manja anga, ndipo ndinamuonetsa umboni. Chimodzi ndinachiwotcha ndi simbi pakona, n'kuikapo chigamba cha nsalu yoderako. Ndinamulozera chigambacho pa chithunzi cha sukulu yake. Ndinamulozeranso pa china, ndi china, ndi china. Ndinafika pa chachisanu ndi chinayi ndisanazindikire kuti mayiyo wasiya kuyankha.

Anapempha kuti ajambule kataniyo ndi foni yake. Ndinavomera. Ndinachita kumugwirira m'mphepete kuti iwongoke bwino.

Patatha sabata ziwiri katani yanga inali patsamba loyamba la nyuzi, chigamba chilichonse atachizunguliza ndi mzere wofiira. A Nduna anaonekera pa kanema nkhope ili yakugwa, akunena kuti anamizidwa ndipo mtima ukuwapweteka chifukwa cha ana. Kampani inalemba kalata yonena kuti makompyuta onse inawapereka m'manja mwa katswiri wake, ndipo mapepala osaina alipo. Munthu mmodzi yekha, kupatula a Nduna, ndi amene ankapezeka pa zithunzi zonse.

Lachitatu m'mawa Alamu anabwera pashopu, pa takisi, atavala chipewa. Anakhala pampando wa a Mawaya osapempha. Za katani sanandikalipire, mwina sankadziwa kuti ndi yomweyo ili kumbuyo kwakeyo, poti zithunzi ndinali nditachotsa. Ananena kuti apolisi akawatenga amuna anga Lachisanu, kunyumba yosungira katundu komwe lole inaima. Ananenanso kuti iye si munthu woipa. Lachinayi folo koloko madzulo, pamalo omwetsera mafuta oyandikana ndi nyumbayo, padzaima galimoto yoyera. Idzawaolotsa malire. Kutsidyako kuli mnzake wa shopu ya mafoni, ntchito ilipo, chipinda chilipo. Vuto linali lakuti chitulukire nkhaniyi a Mawaya anali atazimitsa foni yawo kuti Alamu asamawaimbire, ndipo anali atanena kuti sadzakweranso galimoto yake. Munthu yekhayo amene akanamumvera ndine. Anaika patebulo kafoni kakang'ono, muli nambala imodzi yokha, ya mlonda wa kumeneko.

Ndinafunsa kuti kutsidyako akakhala nthawi yaitali bwanji.

"Mpaka anthu aiwale, mayi. Chisankho ichi chidutse, mwina ndi chinacho."

"Zaka zingati?"

"Zisanu. Zisanu ndi ziwiri. Inu simungawatsatire, angakulondoleni. Ngakhale foni, poyamba ayi."

Ndinafunsa kuti nanga akapanda kupita. Anati loya wake akuti zaka zitatu, mwina ziwiri akakhala ndi khalidwe. Ndinafunsa kuti ndende yake iti. Anandiyang'ana modabwa, ngati ndafunsa mtundu wa nsalu ya bokosi la maliro, n'kunena kuti yaikulu ya m'tauni muno, ya kumapeto kwa msewu wa basi.

Ndendeyo ndimaidziwa. Basi yake imaima pakona pa msewu wathu womwe uno.

Alamu atapita ndinatseka chitseko n'kuimba. Mlonda anakawaitana, ndinamva mapazi awo akubwera, amakoka phazi lamanzere pang'ono. Mawu awo anali otopa. Ndinafunsa ngati adya. Ndinafunsa za chifuwa chawo, ngati juzi ija akuivala, ngati akugona pa matiresi kapena pa makatoni. Anayankha zonse. Anandiuza kuti ndisade nkhawa, chilungamo chidzaoneka, koma ndinadziwa kuti ali ndi mantha ngati mwana. Kenako anafunsa kuti foniyi ndi ya yani, ndipo ngati pali nkhani.

"Palibe," ndinatero. "Ndimangofuna kumva mawu anu."

Lachinayi ndinatsegula shopu monga mwa masiku onse. Ndinali ndi mpendero wa diresi la ukwati, wosoka pamanja, ndipo ndinauyamba cha m'ma thili koloko. Kafoni kaja kanali mu bokosi la mabatani. Wotchi ya pakhoma inafika pa folo, inadutsa, inafika pa faifi. Ndinabaya chala kawiri, n'kumayamwa magazi kuti asadonthere pa nsalu ya mwini wake.

Ndinadziuza zambiri tsiku limenelo. Ndinati galimoto ya Alamu ikhoza kunyamula munthu koma osafika naye. Ndinati wothawa amaoneka wolakwa, pomwe kukhoti akanena zoona zonse. Zonsezo zikhoza kukhala zoona, koma si zimene zinandigwira dzanja. Chimene chinandigwira n'chakuti zaka zisanu ndi ziwiri sindikanatha. Alamu anaona makompyuta a ana n'kuwafuna onse akhale ake. Ine ndinaona mwamuna wanga, ndipo sindinamufunse kuti iye akufuna chiyani.

Anawagwira Lachisanu m'mawa akupukuta fumbi pa nambala seveni. Mlandu sunachedwe. A Mawaya anatchula Alamu, anatchula nyumba yomwe anatumbuliramo makompyuta, anatchula masiku. Woweruza anafunsa pepala lokhala ndi dzina la Alamu, ndipo panalibe ngakhale limodzi. Zaka zitatu. A Nduna anawasamutsira ku unduna wina, ati kuti akapume ku zowawa. Kampani ya Alamu pano imagulitsa mabedi a m'zipatala. Makompyuta makumi anayi aja ali ku polisi ngati umboni, ndipo ndamva kuti atsala khumi ndi awiri.

Tsiku loona akaidi ndi Loweruka, mphindi makumi atatu. M'chipinda choonera akaidi muli tebulo lalitali la simenti, iwo mbali iyo, ife mbali ino, msilikali wa ndende ataima kumapeto. Ndimadzuka m'mamawa kuphika, kusita diresi, kudzola mafuta onunkhira omwe ndinali nditawasiya. Ndikuuzeni chinthu chochititsa manyazi: miyezi inayi yoyambayo ndinanenepa. Ndinkagona tulo. Ndinkadziwa pomwe ali, ndinkadziwa kuti Loweruka ndiwagwira dzanja. Anaonda, tsitsi linayera m'mbali, m'zala munatuluka tizilonda, koma anali pompo, munthu wathunthu, akundiuza kuti asilikali amawabweretsera mafoni awo kuti awakonzere. Tinafika mpaka poyambana, chifukwa ndinabwereketsa bokosi lawo la masikuludiraiva kwa munthu osawafunsa. Ndinabwerera kunyumba tsiku limenelo ndikuimba mu basi.

Loweruka lina ndinawapeza atakhala kale, manja ali patebulo, chakudya sanachiyang'ane. Anati m'chipinda chawo mwalowa mkaidi watsopano, dalaivala, amene kale ankayendetsa magalimoto a Alamu. Dalaivalayo anawauza kuti Lachinayi lija anaima pomwetsera mafuta maola awiri, injini ili yoyaka, akudikira munthu amene sanabwere.

Anayamba kundifotokozera zinthu zomwe miyezi yonseyi ankandibisira. M'chipinda chawo amagona anthu makumi asanu ndi awiri, chammbali, ndipo wina akafuna kutembenuka amatembenuka onse. Mwezi watha munthu amene ankagona kumbuyo kwawo anafa, ndipo anamva thupi lake likuzizira pamsana pawo. Anati chifuwa chija tsopano chimatulutsa magazi. Ankalankhula motsitsa, osandiyang'ana.

"Ndikanathawa, amayi. Ngakhale wapansi ndikanathawa. Akuti Alamu anatuma munthu kuti andiuze. Ndakhala ndikuganiza sabata yonse kuti ndi munthu wanji amene ndinamulakwira chotere."

Ndikanatha kunena kuti mlonda. Ndikanatha kunena kuti Alamu ndi wabodza, ndipo akanakhulupirira, chifukwa ndi wabodzadi.

"Ndine," ndinatero. "Anatuma ine."

Sanafunse chifukwa. Ndinanena ndekha, kuti zaka zisanu ndi ziwiri zinandikulira, kuti ndinkawafuna pafupi. Anachotsa manja awo patebulo pang'onopang'ono n'kuwaika pamiyendo. Msilikali anati kwatsala mphindi khumi. Anazikhala zonse khumizo akuyang'ana khoma la kumbuyo kwanga, ndipo nthawi itakwana anaimirira n'kulowa, chakudya n'kuchisiya patebulo.

Loweruka lotsatira ndinapita. Ndinalembetsa dzina pageti, anasecha chikwama, ndinakhala pamalo panga. Akaidi anatuluka mmodzimmodzi, aliyense kwa wake. Msilikali analowa kukawaitana, anakhalitsako, n'kubwera yekha. Anandiuza mwaulemu kuti bambo akuti sakumva bwino, ndipo akuti ndisamavutike kubwera. Anafunsa ngati ndikufuna kusiya chakudya ndizipita, poti kunja kuli ena akudikira malo.

Ndinamufunsa kuti chipinda chawo chili mbali iti. Analoza khoma la kumanja, n'kunena kuti kuseri kwake, mwina masitepe makumi awiri.

Ndinamuuza kuti mphindi zanga makumi atatu sizinathe, ndipo ndinatembenukira kumanja.